Pusi Tikumuona Tsiku ndi Tsiku, Nanga Nchima Ili Kuti?

Chimanga chikayamba kukhwima m'minda ya m'tsinde mwa mapiri a Mchinji, simungamuuze mlimi kuti anyani akutha pa dziko lapansi iye n'kukumverani. Akulozerani mapesi othyoka ndi zitsononkho zomwazika m'mizere, kenaka akufunsani kuti wachita zimenezi ndani ngati anyaniwo akutha. Komabe m'chaka cha 2017 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana ataunika mitundu 504 ya nyama za m'banja la anyani, anapeza kuti mitundu 60 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo choti itha kutheratu, ndipo 75 pa 100 iliyonse ikucheperachepera. Mlimi sakunama, akatswiriwonso sakunama. Chimene chimasokoneza n'chakuti masiku ano dzina loti nyani timangoliponyera pa nyama iliyonse ya mchira yokwera mumtengo, pamene nyamazi n'zosiyana khalidwe, zosiyana chakudya, ndipo mavuto ake ndi osiyananso.

Makolo athu sankasokoneza. Nyani weniweni ndi uja wamkulu wa mlomo wautali ngati wa galu, woyenda pansi mchira utapindika ngati wothyoka. Changa ndi kaja ka maso akuluakulu kolira usiku ngati khanda. Pakati pa awiriwa pali pusi ndi nchima, ndipo nkhani yathu ikhala pa iwowa. Ndi abale apafupi, msinkhu wawo sunasiyane kwambiri, onse amapezeka m'Malawi muno, koma wina akupirira pamene mitengo ikutha, mnzake akupanikizika. Inu amene mukukonzekera mayeso a Biology ndi Geography mupezamo zija timanena m'kalasi za ubale wa chamoyo ndi malo ake okhala, kungoti pano zavala ubweya ndi mchira.

Pusi, mwana wa ponseponse

Pusi safuna kumufotokoza kwambiri kwa munthu wa ku Mchinji. Nkhope yakuda yozunguliridwa ndi ubweya woyera, msana wotuwa mobiriwirako, mimba yoyera, manja ndi nsonga ya mchira zakuda. Wamphongo amalemera makilogalamu pakati pa 4 ndi 8, wamkazi nthawi zambiri sapitirira 5. Asayansi amamutcha Chlorocebus pygerythrus, ndipo amapezeka kuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya, Tanzania, Malawi, Zambia ndi Mozambique mpaka ku South Africa. Amayenda m'magulu a 10 mpaka 50, momwe mumakhala amphongo angapo. Aakazi amakhala m'gulu lomwe anabadwiramo moyo wawo wonse, amphongo akakula amachoka kukalowa gulu lina. Wina angati ndi chikamwini, ndipo sangalakwe kwenikweni.

Zosowa za pusi n'zochepa: madzi akumwa, mitengo ingapo yaitali yogonamo usiku, basi. Chakudya ndiye chilichonse. Nkhuyu, masuku, maula, matowo, maluwa ndi utomoni wa mthethe, nthanga za udzu, ziwala, mazira a mbalame, ndipo munthu akalima pafupi, chimanga, mtedza, mbatata, mango ndi nthochi. Nthawi yambiri ya usana amakhala pansi, choncho kudutsa mtunda wa pambalambanda kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina sikumuvuta. M'masaya mwake muli timatumba mosungira chakudya. N'chifukwa chake akalowa m'munda amakhala ngati wakolola zambiri m'kanthawi kochepa: amalonga m'masaya, kukatafuna ali pabwino.

Chimene chinamutchukitsa pusi pakati pa asayansi ndi kulira kwake. Ku Amboseli, m'dziko la Kenya, Thomas Struhsaker anaona m'zaka za m'ma 1960 kuti apusi salira mofanana pa adani onse. M'chaka cha 1980 Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anatsimikiza nkhaniyi mwa njira yochenjera. Anajambula kulirako pa tepi, n'kubisa sipika patchire, n'kuliza pamene panalibe mdani aliyense. Apusi akamva kulira kochenjeza za kambuku ankathamangira m'mwamba, ku nthambi zing'onozing'ono kumene kambuku sangafike. Akamva kochenjeza za chiwombankhanga ankayang'ana kumwamba n'kudziponya m'zitsamba. Akamva kochenjeza za nsato ankaimirira ndi miyendo iwiri n'kumasuzumira m'udzu. Ana ndiwo amaphonya: kamwana kamatha kulira za chiwombankhanga katangoona njiwa kapena tsamba likugwa, n'kumawongola pang'onopang'ono pamene kakukula.

Kafukufuku wina amene mlimi wa chimanga angakonde kumva anachitika ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Erica van de Waal ndi anzake anapatsa magulu a apusi akutchire chimanga cha mitundu iwiri, china chopakidwa utoto wa pinki, china wa buluu. M'gulu lililonse mtundu umodzi anauthira zowawa. Apusi ataphunzira kupewa chowawacho, ofufuzawo anasiya kuthira, chimanga chonse chinakhala chokoma. Ana amene anabadwa pambuyo pake, omwe sanalaweko chowawa n'kamodzi komwe, pafupifupi onse ankadya mtundu wokhawo umene mayi wawo ankadya. Amphongo osamukira ku gulu lina, pafupifupi onsenso, anasiya mtundu umene anazolowera kwawo n'kuyamba kudya umene eni mudzi ankadya. Phunziro lake kwa ife n'lowawa pang'ono. Gulu likangodziwa kuti m'munda wakutiwakuti muli chakudya chosavuta, nzeruyo imapatsiridwa kwa ana ndi kwa alendo omwe, ndipo siifa ndi pusi mmodzi amene mwamupha.

Nchima, mwana wa m'nkhalango yowirira

Ambiri mwa inu simunaionepo nchima, ndipo si chifukwa cha ulesi. Nkhalango za kuno kwathu n'za miombo: tsamba, mombo, mtondo ndi misuku, mitengo yotalikirana yomwe imayoyola masamba m'chilimwe, pansi pake pali udzu umene umapsa chaka ndi chaka. Amenewo ndi malo a pusi ndi nyani. Nchima imafuna nkhalango yobiriwira chaka chonse, yomwe nthambi za mtengo wina zimakhudzana ndi za unzake, pansi pali mthunzi ndi chinyontho. Nkhalango zotere m'Malawi zili pamwamba ndi m'zigwa za mapiri, komanso m'timizere ta m'mbali mwa mitsinje ina. Nchima zimadziwika ku Mulanje, ku Zomba, m'nkhalango zotsala pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, m'ziyangoyango za ku Lengwe, ku Nyika, ku Misuku, ndipo kuno m'chigawo chapakati pa phiri la Ntchisi ndi pa phiri la Chipata la m'nkhalango ya Nkhotakota. Musasokoneze Chipata ameneyu ndi mzinda wa kutsidya kwa Mwami uja.

Maonekedwe ake ndi akuda motuwira, nkhope yodera yopanda mkombero woyera wa pusi uja, masaya a ubweya wambiri ngati ndevu, manja ndi miyendo yakuda, msana wofiirira cha kumchira. Mchirawo ndi wautali kuposa thupi lonse, ndipo umathandiza nyamayi kusapendekera ikamayenda pa nthambi. Yamphongo imalemera makilogalamu 7 mpaka 9, yaikazi 4 kapena 5. Dzina la sayansi ndi Cercopithecus mitis, ngakhale akatswiri ena amapatula nchima za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa n'kuzitcha Cercopithecus albogularis. M'mabuku a Chingerezi muipeza ndi mayina atatu, samango, blue monkey ndi Sykes' monkey, zomwe zimazunguza ophunzira ambiri. Ngakhale m'Malawi momwe nchima sizifanana ndendende: za kumpoto ndi za ku chigwa cha Luangwa zili ndi msana wofiira kwambiri ndipo zimadziwika ndi dzina la moloneyi, pamene za kumwera zimaikidwa m'nthambi ina.

Gulu la nchima limakhala ndi yamphongo yaikulu imodzi yokha, zazikazi zingapo ndi ana awo. Zamphongo zina zimayenda pazokha kudikira mwayi. Yamphongo yolamulayo ili ndi mawu awiri odziwika: kukuwa kwakuthwa komveka patali kwambiri, ndi kugunda kwapansipansi kochokera pakhosi, komwe munthu amangomva ngati wina wamenya ng'oma kamodzi kutali. Kawirikawiri mlendo m'nkhalango ya Ntchisi amayamba wamva mawuwa, kapena kuona nthambi ikugwedezeka, nyamayo osaiona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdani wake wamkulu ndi chiwombankhanga chachikulu cha m'nkhalango chokhala ndi tsumba pamutu, chomwe chimatha kugwira nyama yolemera kuposa icho chomwe. Chakudya cha nchima makamaka ndi zipatso za m'nkhalango, zikasowa imadya masamba anthete, maluwa ndi tizilombo. Imatsika pansi, inde, koma mosakhazikika mtima, ndipo kudutsa chigwa chonse cha minda yopanda mtengo ndi chinthu chimene gulu la zazikazi ndi ana silichita wamba.

Kusiyana kwina kumene sikuoneka ndi maso kuli pa kuswana. Onse awiri bere lawo limatenga miyezi isanu ndi theka kapena kupitirirako pang'ono, ndipo amabereka mwana mmodzi. Koma pusi wamkazi amayamba kubereka ali ndi zaka 4 kapena 5, ndipo chakudya chikakhalapo amatha kubereka chaka chilichonse. Ku nkhalango ya Kakamega ku Kenya, kumene Marina Cords wakhala akutsata nchima kuyambira mu 1979, zazikazi zimayamba kubereka zili ndi zaka pafupifupi 7, ndipo mwana akakhala moyo pamapita zaka ziwiri kapena zitatu asanabadwe wina. Tengani pensulo muwerengere nokha. M'zaka 10, pusi wamkazi atha kukhala ndi ana ambiri ndi zidzukulu zomwe, pamene nchima yobadwa tsiku lomwelo ili ndi mwana mmodzi kapena awiri. Gulu la apusi likaphedwa theka limabwerera msanga. Gulu la nchima likaphedwa theka limatenga zaka zambiri, ngati libwerera n'komwe.

Zimene kaundula wa dziko lonse amanena

Bungwe loona za chilengedwe la IUCN, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo likulu lake lili ku Gland m'dziko la Switzerland, limasunga kaundula wotchedwa Red List kuyambira mu 1964. M'kaundulayu chamoyo chilichonse chounikidwa chimaikidwa pa sitepe yake. Pansi penipeni pali zosadetsa nkhawa, zomwe amazitcha Least Concern. Pamwamba pake pali zoyandikira chiopsezo, kenaka masitepe atatu a chiopsezo chenicheni, Vulnerable, Endangered ndi Critically Endangered, ndipo kumapeto kuli zimene zatsala m'makhola mokha ndi zimene zatheratu. Sangoika mwachisawawa. Njira imodzi ndi kuona kuchepa kwa chiwerengero m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu ya nyamayo, kutengera nthawi imene ili yaitali: kuchepa ndi 30 pa 100 kumaika nyama pa sitepe yoyamba ya chiopsezo, 50 pa yachiwiri, 80 pa yachitatu. Amaonanso kukula kwa dera limene nyamayo imapezeka, ndi chiwerengero cha zazikulu zotha kuswana.

Mutamva zonse tanena za nchima, mungayembekezere kuti ili pamwamba m'kaundulayu. Ayi ndithu. Pusi ali pa Least Concern, nchima nayonso monga mtundu wonse ili pa Least Concern. Chifukwa chake n'chakuti kaundula amayang'ana dziko lonse lapansi, ndipo nchima ndi abale ake akufalikira dera lalikulu, kuchokera ku Ethiopia, nkhalango za ku Congo, Uganda, Kenya ndi Tanzania mpaka ku Eastern Cape. Funso limene kaundula akuyankha ndi loti kodi mtunduwu utha pa dziko lonse posachedwa. Funso loti kodi udzakhalapobe pa phiri lakutilakuti m'Malawi ndi lina, ndipo sitepe ya Least Concern siliyankha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri ophunzira amapusitsika: amawerenga mawu awiriwo n'kutseka buku.

South Africa inachita bwino kudzifunsa funso lachiwirilo. Pa kauniuni wa nyama zake wa 2016 inatenga nthambi zitatu za nchima za m'dzikomo payokhapayokha, ndipo palibe imene inatuluka yosadetsa nkhawa: ina inapezeka yoyandikira chiopsezo, ina pa Vulnerable, ina pa Endangered. Nyama yomweyo, chaka chomwecho, koma yankho losiyana chifukwa funso lafupikitsidwa.

Nkhalango zobiriwira za m'Malawi ziyerekezeni ndi zilumba za m'nyanja, monga Likoma ndi Chizumulu, kungoti m'malo mwa madzi zazunguliridwa ndi minda, midzi ndi miombo yodulidwa. Kwa pusi nyanjayo ndi msewu, ndiponso ndi nkhokwe. Kwa nchima ndi malire. Chilumba chikatha, nchima zake zilibe kothawira. Zimenezi si zongoyerekeza. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira yodziwika kwa akatswiri a mbalame a dziko lonse, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pafupifupi yonse inali itadulidwa n'kusanduka minda. Phiri la Ndirande ku Blantyre linametedwa m'zaka za m'ma 1990. Palibe chiwerengero cha pa dziko lonse chimene chinagwedezeka ndi zimenezi, koma zamoyo za m'nkhalangozo zinapita.

Ngakhale chilumba chisathe, kuchepa kokha kumapweteka. Paja tati zamphongo zimayenera kuchoka kwawo kukafuna gulu lina. Njira zikatsekeka, apachibale amayamba kuswana okhaokha, ndipo pakapita mibadwo ana amabadwa ofooka, osalimba ku matenda. Komanso gulu laling'ono limatha ndi tsoka limodzi: moto wolusa wa mu Okutobala, chaka chimodzi chimene mitengo sinabale, agalu a alenje. Odula mitengo nawo sasankha mwangozi. Amafuna mitengo ikuluikulu ya matabwa monga mbawa, ndipo mtengo waukulu ukagwa umasiya mpata padenga la nkhalango, dzuwa limalowa, pansi pamauma, moto umapeza polowera. N'chifukwa chake kamzere ka mitengo ya katope ndi mikuyu m'mbali mwa mtsinje kali ndi ntchito yoposa kukula kwake: ndiko mlatho wolumikiza chilumba china ndi chinzake. Ku mapiri a Soutpansberg ku South Africa, kumene magalimoto ankagunda nchima zikamadutsa msewu, ofufuza anayesa kumanga milatho ya m'mwamba, ndipo anapeza kuti nchima zimakonda mlatho wa nsungwi yolimba kuposa wa zingwe wogwedera.

Abale a kutsidya kwa nyanja

Nkhani ya abale awiri osiyana tsogolo si ya kuno kokha. Ku South America kuli anyani ang'onoang'ono otchedwa capuchin, olemera makilogalamu 2 mpaka 5. Dzinali analitenga ku gulu la ansembe a ku Italy ovala mkanjo wofiirira wokhala ndi chipewa, chifukwa ubweya wa pamutu pa nyamazi umaoneka ngati chipewacho. Mchira wawo umatha kukulunga nthambi n'kugwira, zomwe pusi kapena nchima sangachite. Ndi anzeru kwambiri. Mtundu wina wa ku Serra da Capivara ku Brazil umaswa mtedza wolimba poika pa mwala n'kumenya ndi mwala unzake, ndipo ofukula zakale anapeza kuti wakhala ukutero pamalopo kwa zaka pafupifupi 3,000.

Tiyerekeze awiri mwa iwo. Sapajus apella, wa tsumba pamutu, ali ponseponse m'chigwa cha Amazon: Brazil, Peru, Bolivia, Colombia, Venezuela ndi mayiko a Guiana. Amadya chilichonse, amakhala ngakhale m'nkhalango yodulidwapo kale, ndipo ali pa Least Concern. Ameneyu ndiye pusi wa kumeneko. Mnzake Cebus kaapori asayansi anamulemba m'mabuku mu 1992 momwemu, ndipo anamutcha dzina la anthu a mtundu wa Ka'apor amene amakhala m'deralo. Amapezeka m'kachigawo kamodzi ka kum'mawa kwa Amazon, m'zigawo za Pará ndi Maranhão, kumene nkhalango yadulidwa kwambiri chifukwa cha matabwa ndi madyetsero a ng'ombe. Amafuna nkhalango yaitali yosasokonezedwa, ndi wochepa ngakhale kumene alipo, ndipo alenje amamusaka. Ali pa Critically Endangered, sitepe yotsiriza nyama isanasowe kutchire, ndipo wakhala akulembedwa pa mndandanda wa mitundu 25 ya anyani yomwe ili pangozi yaikulu pa dziko lonse. Kusiyana kwake ndi nchima yathu n'kumodzi: nchima ili ndi zilumba zambiri m'mayiko ambiri, iye ali ndi dera limodzi lokha. N'chifukwa chake kaundula amamuona msanga, pamene nchima imatha phiri limodzi limodzi popanda belu kulira.

Pusi naye ali ndi zake

Tisaganize kuti pusi ali pamtendere. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mchinji lokha linali ndi anthu oposa 600,000. Anthu onsewa akufuna munda, nkhuni, makala, njerwa zootcha ndi mitengo ya zigafa za fodya. Nkhalango yotetezedwa ya Mchinji inakhazikitsidwa mu 1924, boma lino likutchedwa Fort Manning, ndipo ngakhale lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, matumba a makala akuyendabe pa njinga mu msewu wopita ku Lilongwe. Misuku ndi mikuyu ikatha, pusi safa ndi njala, amangosamukira m'munda. Tsono chimene mlimi amachiona ngati kuchuluka kwa apusi nthawi zina chimakhala kupanikizana kwa apusi omwewo pamalo ochepa otsala, pafupi ndi anthu.

Vuto lina ndi la kuweta. Kamwana ka pusi komangidwa chingwe m'chiuno pa msika kapena m'mbali mwa msewu kamaoneka kosangalatsa, koma mayi wa pusi sapereka mwana wake mwaufulu: pafupifupi nthawi zonse kamwanako kamapezeka mayi ataphedwa ndi agalu, msampha kapena legeni. Wogula amakondwa miyezi ingapo. Pusiyo akakula mano amatalika, amayamba kuluma ana a pakhomo, ndipo mapeto ake ndi unyolo pa mtengo wa mango kwa zaka. Bala la kulumidwa ndi pusi liyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, munthuyo n'kupita kuchipatala, chifukwa matenda amatha kudutsa pakati pa anyani ndi anthu, mbali zonse ziwiri. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2017, sililola kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama yakutchire yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama ndi malo osungirako nyama. Chilango chachikulu cha zaka 30 chimene mumamva pa wailesi ndi cha nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka, koma mlandu wa pusi ndi mlandu ndithu. Ife a m'malire tidziwenso kuti mitundu yonse ya anyani ili m'pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa mayiko, lomwe Malawi analowa mu 1982. Kudutsa ndi pusi pa Mwami popanda zikalata ndi kuphwanya malamulo a mayiko awiri.

Apusi olandidwa amapita ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Kumubwezera kutchire pusi woleredwa ndi anthu ndi ntchito yaitali. Amayamba kukhala payekha kuti madokotala aone ngati alibe matenda. Wakhanda amamupezera pusi wamkazi woti amulere. Kenaka amamulowetsa m'gulu pang'onopang'ono, chifukwa pusi wosadziwa ulemu wa chipusi, wosadziwa amene ayenera kumupatukira, anzake amamuvulaza. Gulu likagwirizana ndi pamene limatulutsidwa lonse pamodzi, ndipo magulu ena otere akhala akumasulidwa ku Kasungu National Park, kumpoto kwathu kuno, n'kumatsatidwa kwa miyezi yambiri. Zaka ndi ndalama zonsezo zimapita pokonza chimene munthu mmodzi anachita m'mawa umodzi.

Nanga mlimi uja tinayamba naye? Dandaulo lake ndi lenileni, ndipo aliyense wokamba zoteteza nyama amene salimva sakuthandiza nyamazo. Banja likataya gawo la chimanga mu Febuluwale ndi Malichi, njala yake imadzaoneka mu Disembala. Mtengo wina umene sitiuwerengera umalipiridwa ndi ana: amene amakhala pa nsanja kuingitsa apusi m'mawa ndi mwana amene anayenera kukhala m'kalasi. Njira yothetseratu vutoli palibe, koma zochepetsa zilipo. Kulondera ndiko kumathandiza kuposa zonse, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo, ndipo eni minda yoyandikana akamasinthana m'malo moti aliyense atume mwana wake, ntchito imapepuka. Kulambula kamtunda pakati pa tchire ndi munda kumachititsa kuti pusi aonekere asanafike. Mizere ya m'mphepete ikhale ya mbewu zimene sakonda, monga tsabola, chimanga chikhale mkati. Zidole zoopsezera zimagwira ntchito masiku ochepa chabe ngati sizisunthidwa, paja tanena kuti nyamayi imaphunzira. Poizoni ndiye ayi. Nthochi yothiridwa mankhwala sisankha pakamwa, imapha galu, mbuzi, mbalame zodya mitembo, ndipo mwana wodutsa atha kuitola.

Pali ntchito imodzi imene pusi ndi nchima onse amagwira popanda malipiro. Akadya nkhuyu, katope kapena masuku, nthanga zina amazimeza n'kukazitaya kutali pamodzi ndi manyowa ake, zina amazinyamula m'masaya n'kukazilavula pa mtengo wina. Nthanga yogwera pansi pa mtengo umene inachokera kawirikawiri imafa ndi mthunzi, tizilombo kapena makoswe, pamene yonyamulidwa kutali imakhala ndi mwayi womera. M'nkhalango zobiriwira za m'mapiri, momwe nyama zikuluzikulu zodya zipatso zatsala zochepa, nchima ndi imodzi mwa onyamula nthanga odalirika. Nkhalango zomwezo ndi zimene zimasunga akasupe. Bua amene amayambira kuno ku Mchinji amakathira m'nyanja atadutsa nkhalango ya Nkhotakota, komwe pa phiri la Chipata nchima zikadalipo, ndipo mpasa zimene zimakwera mtsinjewu kukaswana zimafuna madzi oyera opanda matope ochokera m'magombe ometedwa a kumtunda kuno.

Gulu la ophunzira lofuna kuona nyama ziwirizi ndi maso lingayambe ndi pusi, pa mtsinje uliwonse wapafupi umene uli ndi mitengo: kuwerenga gulu, kulemba zimene akudya mwezi ndi mwezi, kumvetsera kulira kwawo galu kapena mphamba akadutsa. Za nchima ulendo wake ndi wa ku Ntchisi, ndipo nthawi yabwino yolowera m'nkhalango ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, anthu ochepa, opanda phokoso, maso ali ku nthambi za mikuyu yobala.